Ati kuno si ku Nsanje

Mukayamba kukamba za madzi osefukira pa Nsaru kapena pa Namitete, anthu amakumvetserani mwaulemu ndithu, kenaka wina amakukumbutsani kuti kuno si ku Nsanje. Ndipo sakunama. Kuno kulibe Shire, kulibe Ruo. Midzi ya kwa Kabudula, kwa Kalolo, kwa Khongoni ndi kwa M'bwatalika ili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene tauni ya Nsanje siifika ndi mamita 100 omwe. Mu Januwale 2015, Pulezidenti Peter Mutharika atalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi, amene tinawaona atakakamira m'mitengo ndi pa zulu anali a ku Makhanga. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, amene anakwirira mabanja ku Chilobwe ndi kukokolola midzi ku Phalombe ndi ku Mulanje, ife tinangomumvera pa wailesi.

Kotero mawu aja ali ndi pogwira. Chimene amaphonya n'chakuti madzi ali ndi njira ziwiri zowonongera. Ina ndi ya mtsinje waukulu umene umatupa ndi mvula yogwa kutali, n'kufalikira m'midzi dzuwa likuswa mtengo. Imeneyo ndi ya kuchigwa cha Shire. Ina ndi ya mvula yogwa pomwepo, ya maola awiri kapena atatu, yogwa mofulumira kuposa mmene nthaka ingamwere. Madzi ake sachokera kwina. Amayambira pa denga lanu, pabwalo la anansi, mumsewu wa ngolo ndi m'munda wa kumtunda, n'kukakumana pamalo otsika. Safika m'khosi. Kawirikawiri amalekeza m'mawondo, ndipo kukacha amakhala atapita. Koma m'mawondo momwemo n'mokwanira kunyowetsa maziko a nyumba, kugwetsa chimbudzi, kuwoletsa matumba a chimanga m'sitolo, ndi kudula msewu wa ku chipatala cha St Gabriel's usiku umene mayi woyembekezera matenda amuyamba.

Wofuna umboni asavutike ndi ulendo wa kumwera. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira ku Mtandire ndi mbali zina za Area 47 ndi 49, nyumba zinagwa, ndipo asilikali anachita kupulumutsa anthu ena ndi helikopita. Mu Disembala chaka chomwecho madzi anawononganso ku Kawale, Mchesi, Kaliyeka ndi Chipasula, ndipo kunali maliro. Zoterezi zikachitika mumzinda, mphekesera imathamanga yakuti atsegula damu. Koma madamu awiri a Kamuzu ali ku Malingunde, pa mtsinje wa Lilongwe, ndipo Lingadzi sadutsako. Iye amachokera kumidzi ya kumadzulo kwa mzinda, kwathu konkuno. Madzi amene anafika ku Mtandire tsiku lija anali mvula yogwa m'minda ndi m'mabwalo a kumtunda.

Anthu a ku Mpingu aisinkhesinkhe nkhani ya Mtandire pa chifukwa chinanso. Mtandire sanayambe ngati tauni. Anali malo a mafumu m'mphepete mwa mzinda, anthu n'kumagula kachigawo kachigawo, aliyense n'kumanga poti wapeza, popanda woganizira kumene madzi azidzera. Yendani lero pa msewu wa ku Mchinji kuchoka pa Njewa, kudutsa Chitipi ndi Chitedze mpaka pa Mpingu ndi Msundwe, muone mauvuni a njerwa ndi zikhomo za mapuloti m'minda momwe dzana munali chimanga.

"Pano sipanadzazepo madzi chibadwire changa." Mawu awa amanenedwa ndi munthu wa imvi, ndipo ine ndimawakhulupirira. Agogo akuchitira umboni zimene anaona ndi maso awo. Kungoti malo amene anawaona si amene alipo lero. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 1.2 miliyoni m'boma la Lilongwe, osawerengera mzinda. Wa 2018 anapeza oposa 1.6 miliyoni, kuposa boma lina lililonse m'dziko muno. Anthu 400,000 owonjezerawo sanakhale m'malere. Anamanga nyumba, anasesa mabwalo, anaponda tinjira tatsopano, anatsegula minda pamene panali thengo.

Tiwerengere limodzi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, imapereka lita imodzi ya madzi. Nyumba ya mamita 10 m'litali ndi 8 m'lifupi ikalandira mvula ya mamilimita 50, yomwe imatha kugwa madzulo amodzi mu Januwale, imataya malita 4,000. Imeneyo ndi migolo 20 ya malita 200. Pamsika pamene pali nyumba ndi masitolo 300 otere, madenga okha amatula malita oposa miliyoni imodzi m'maola ochepa. Malata alibe mlandu, pakuti denga la udzu nalonso limataya madzi. Chasintha n'chakuti pamene pali nyumbayo kale panali mizere yogwira madzi kapena udzu wowachedwetsa. Ndiponso nyumba siibwera yokha: imabwera ndi bwalo losesedwa m'mawa uliwonse mpaka kuuma gwa, ndi mpanda wa njerwa umene umakhotetsa madzi n'kuwaponyera kwa mnansi, mnansiyo n'kumanganso wake. Madzi saiwala khwawa, timatero, koma mwambiwu timakonda kuunenera anthu. Pogula malo umatithawa m'mutu.

Pa dambo m'pamene pagona nkhani yonse. Dera lino ndi la mitunda yotambalala yolekanitsidwa ndi madambo, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi lake. Makolo ankamanga pa katondo, pamtunda, dambo n'kulisiyira ng'ombe, udzu wofolera, madimba ndi zitsime. Lero malo apamtunda oyandikira msewu atha kapena akwera mtengo, ndiye maso atembenukira kumunsi. "Dambo ili linauma kalekale," amatero wogulitsa, "onani nokha." Mukaona, n'zoonadi: pouma, ming'alu yokhayokha, mbuzi zikudya. Koma taonani mwezi wake. Ndalama kumudzi kuno zimabwera fodya, soya ndi mtedza zikagulitsidwa, choncho malo amagulidwa pakati pa Juni ndi Okutobala. Njerwa zimaumbidwa nthawi yomweyo, nyumba n'kufoleredwa mvula isanagwe. Kusankha malo, kukhoma zikhomo, kukumba maziko, zonse zimachitika m'miyezi imene madzi kulibe oti adzionetse. Wogula ndi wogulitsa onse anaona malo ouma, ndipo palibe ananamiza mnzake. Mkangano umadzabuka mu Febuluwale.

Komabe dambo limadziulula ngakhale m'chilimwe kwa wodziwa kuyang'ana. Dothi lakuda la makande long'alukang'aluka, kapena mchenga wotuwa woti mukakumba pang'ono mupeza dongo la mawanga a dzimbiri. Mitengo ikuluikulu kulekeza pamzere umodzi ngakhale palibe anaidula. Timaenje ta nkhanu. Chitsime chimene madzi ake muwapeza pafupi mu Seputembala. Makande ali ndi khalidwe linanso: amatupa akanyowa, amanyala akauma, moti khoma lomangidwa pamenepo limang'aluka madzi asanalowe n'komwe m'nyumba.

Ophunzira nawonso ali ndi chikhulupiriro chawo pa dambo, ndipo n'chokoma kumva. M'misonkhano timauzidwa kuti dambo ndi chinkhupule, limamwa madzi onse a dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Ofufuza amene anayeza madambo a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anapeza kuti nkhaniyi si yophweka chotero. Kumayambiriro kwa dzinja dambo limamwadi. Koma pakati pa dzinja limakhala litakhuta, ndipo mvula yogwa pamenepo imangoyenda pamwamba. Ubwino wake weniweni ndi malo. Limapatsa madzi bwalo lotambalala loti ayendemo mosazama, udzu ukuwachedwetsa, mmalo moti athithikane m'kakhwawa kamodzi. Mukamanga nyumba ndi mipanda mmenemo, madzi sachepa ayi. Amangosowa poyenda, ndiye amakwera ndi kuthamanga. Mukakumba ngalande pakati kuti dambo liume msanga, mwawapatsa liwiro, ndipo m'zaka zochepa ngalandeyo imasanduka chigwembe chimene chimadya cham'mbuyo kulowera kumtunda, n'kutsitsa madzi a m'zitsime za madimba. Amene amayamba kulira ndi alimi a tomato ndi mpiru, osati omanga nyumba aja.

Pali chinthu chimene achinyamata a dera lino sauzidwa kawirikawiri. Kuno kunachitikapo pulani ya madzi, ndipo inali yaikulu. Kuyambira mu 1968, ndi ngongole ya Banki Yaikulu Padziko Lonse, boma linayendetsa Lilongwe Land Development Programme m'midzi ya kumadzulo kwa Lilongwe. Anakumba mijigo, anamanga misika ya mbewu, anayeza ndi kulembetsa malo a mabanja m'dongosolo limene akuluakulu amalikumbukira kuti ndunda. Chotikhudza pano ndi misewu ndi ngalande. Misewu yambiri anailambula pamsana pa mitunda, pamene madzi amagawikana, kuti isamadutse madambo pafupipafupi komanso isamasonkhanitse madzi. M'minda anakumba ngalande zopingasa zopatutsa madzi, zokathira m'njira zosiyidwa dala mpaka kudambo. Wa kabaza akamadandaula kuti msewu wakale ukuzungulira pachabe pomwe chidule chikuoneka, nthawi zambiri msewuwo ukutsata msana wa mtunda, ndipo chidulecho n'chimene chidzakhale chigwembe.

Sikuti zonse zinali bwino. Pulaniyo inatsika kuchokera kumwamba, ndi mathirakitala ndi akatswiri akunja, m'nthawi imene kufunsa funso kunali kuputa mlandu. Anthu anali asanaiwale malimidwe a atsamunda a m'ma 1950, pamene munthu ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa chifukwa cha migula ndi mizere. Ngalande imene sunafunsidwe poikumba suitenga ngati yako. Pulojekiti itatha, wokonza anasowa. Mabanja anakula, minda inagawidwa, khasu linkadya mgula pang'ono chaka chilichonse, ndipo njira za madzi zija zinalimidwa. N'kutheka ndithu kuti ena amene lero akudabwa ndi madzi odutsa pakhonde anamanga, osadziwa, pa njira imene inasiyidwira madziwo zaka 50 zapitazo. Akuluakulu amene amakumbukira pamene ngalandezo zinkadutsa akadalipo, koma akutha, ndipo sitikuwafunsa.

Chiyembekezo china chili pa msewu: akatiikira phula, kapena akatimangira mlatho, matope ndi madzi zitha. Msewu wa phula wochoka ku Old Airport kulowera ku Kasiya ndi Santhe unasintha moyo wa anthu ambiri, ndipo amene anakankhapo lole ya fodya m'matope sangaunyoze. Koma msewu uliwonse, wa phula kapena wadothi, umasintha kayendedwe ka madzi. Pamene wadutsa dambo pa mulu wa dothi, umawatchinga: madzi amene ankayenda motambalala tsopano ayenera kulowa m'mapaipi awiri kapena atatu. Kumtunda amadikha, kumunsi amatuluka mwaukali. Pamene msewu watsetsereka, madzi amautsata. Akatswiri amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amakumba tingalande topatukira m'mbali pafupipafupi kuti madzi atuluke asanachuluke.

Ndiye mwini munda, poona madzi a mumsewu akulowa m'chimanga chake, amatseka kangalandeko ndi makasu angapo a dothi. Simungamudzudzule kwambiri. Palibe anamufunsa, palibe anamuthandiza kukumba dzenje kapena kubzala vetiva polandirira madziwo. Koma mnzake wakumunsi akatsekanso, ndi winanso, madzi onse amatsika ndi msewu mpaka pamsika. Pamsikapo ngalande inakwiriridwa kale ndi eni magolosale ofuna polowera makasitomala, ndipo kalavati yadzaza mchenga, zitsononkho, makoko a nzimbe ndi majumbo. Malamulo oletsa mapulasitiki opyapyala anakhazikitsidwa mu 2015, Khothi la Suprimu linawavomereza mu 2019, koma kalavati ya pamsika sinamvebe za chigamulocho. Tsiku limodzi la makasu ndi mafosholo mu Okutobala lingapulumutse katundu wa masitolo ambiri, koma ngalande ya pamsika ndi ya aliyense, choncho ilibe mwini.

Milatho ing'onoing'ono, ija timapempha kwa aphungu ndi makhansala, ili ndi nkhani yake. Paipi ya mamilimita 900 imaoneka yokulirapo pang'ono poyerekeza ndi ya 600, koma malo odutsa madzi ndi oposa kawiri. Wosankha kukula kwake ayenera kudziwa kukula kwa dera lonse lothira madzi pamenepo, ndi mmene deralo lidzakhalire likadzadzaza nyumba. Ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu (CDF) zikagawidwa tizidutswa kuti mudzi uliwonse uonepo kanthu, ntchito ya injiniya ndiyo imayamba kuoneka ngati yowononga ndalama. Mlatho wotero kawirikawiri sugwa pakati. Madzi amazungulira m'mbali, amakumba dothi la kuseri kwa zipupa, ndipo m'mawa mumapeza konkire ili chiimire pakati pa mtsinje, msewu wachoka mbali zonse. Pa timitsinje tina chofunika si mlatho n'komwe, koma konkire yoyalidwa pansi, yoti madzi akachuluka adutse pamwamba kwa maola angapo, akaphwa ngolo zidutse. Sikongola pa chithunzi cha tsiku lotsegulira, koma sikokoloka msanga. Imangofuna kudekha kwa owoloka, pakuti madzi othamanga a masentimita 15 amatha kugwetsa munthu wamkulu, ndipo njinga yamoto yonyamula anthu atatu siposa munthu kulimba.

Madzi akawononga chaka chino, ena amapuma n'kunena kuti otere amabwera kamodzi pa zaka zambiri, tsopano zadutsa. Akatswiri anathandizira kusokoneza anthu ndi mawu awo akuti madzi a kamodzi pa zaka 100. Tanthauzo lake si loti pali kalendala. N'loti chaka chilichonse pali mwayi umodzi pa 100, ndipo chaka chatha sichichotsapo kanthu pa chaka chino. Pa zaka 30 zimene munthu amakhala m'nyumba imodzi, mwayi woti akumane ndi madzi otero ndi pafupifupi umodzi pa inayi. Lilongwe anaona madzi kawiri mu 2017 momwemo.

Za nyumba, timakhulupirira njerwa zowotcha. Mdindo ndi zidina ndi za osauka, zimagwa, pamene njerwa yowotcha siopa madzi. Njerwayo payokha siopadi. Koma nyumba zambiri za njerwa zowotcha kumudzi kuno zimamangidwa ndi matope, pa maziko osaya, pansi pake pofanana ndi bwalo. Madzi akadikha m'mbali mwa khoma kwa tsiku limodzi, matope a pakati pa njerwa amafewa, ndipo khoma limagwa kuyambira pansi. Nyumba ya mdindo ya agogo, yokhala ndi khonde lokwezedwa lozungulira nyumba yonse ndi denga lotulukira kutali, imatha kuima pamene ya mdzukulu ya malata ofupikitsidwa yagwa. Agogo ankadziwa kuti mdani wa khoma ndi madzi a pansi ndi odontha kudenga, ndipo khondelo ankalizira chaka ndi chaka. Malangizo omangira nyumba zolimba amene boma linatulutsa chivomezi cha ku Karonga cha mu 2009 chitachitika amanena zofanana: kwezani pansi pa nyumba, mangani mizere yoyambirira ndi simenti ngakhale kumwamba mumange ndi matope, yalani pepala la pulasitiki lotchinga chinyontho, ndipo bwalo litsetserekere kunja. Matumba ochepa a simenti a m'maziko amagwira ntchito yoposa a pulasitala wa kumaso, ngakhale kuti odutsa mumsewu sawaona.

Nkhuti zimene timasiya tikaumba njerwa nazonso ndi gawo la nkhaniyi. Zimadzaza madzi, zimaswetsa udzudzu pakhomo penipeni, ndipo kwa mwana wa zaka zitatu n'zozama mokwanira. Chimbudzi ndiye chimayamba kugwa pa zonse, chifukwa chimakumbidwa kumunsi kwa puloti, m'dothi lonyowa, dzenje losamangira. Chikasefukira, zonse zimatsikira ku chitsime cha kudambo. Alangizi a zaumoyo amati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita 30 ndipo chikhale kumunsi kwake, koma pa mapuloti othithikana kumunsi kwa wina ndi kumtunda kwa mnzake. Kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Lilongwe anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda zinachedwa kutsegulidwa. Madzi a m'mawondo amapha mwa njira imeneyi, patapita masabata, munthu ataiwala kale za mvula ija.

Masiku ano chilichonse chikachitika timati ndi kusintha kwa nyengo. N'zoona, ndipo si nkhani yongopeka ya azungu. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyontho chowonjezera pafupifupi 7 pa 100, choncho mvula ikagwa imagwa yochuluka pa kanthawi kochepa. Asayansi amene anaunika mvula ya namondwe Ana wa mu Januwale 2022 anapeza kuti kutentha kwa dziko kunaikulitsa. Koma mawuwa ayamba kugwira ntchito imene kale inkagwiridwa ndi akuti n'chifuniro cha Mulungu: akanenedwa, msonkhano umatha, aliyense n'kupita kwawo wopanda ngongole. Kusintha kwa nyengo sikunagulitse puloti pakati pa dambo. Ndipo amene amati vuto lathu kuno ndi chilala osati madzi aone kuti ziwirizi zimachokera m'munda umodzi. Mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza ngozi ya ng'amba m'maboma 23 mwa 28. Nthaka youma gwa imene imataya madzi mu Januwale ndi yomweyo imene imafotetsa chimanga mvula ikadula masabata awiri mu Febuluwale. Akalozera, ngonyeka, mapesi ophimbira ndi manyowa, zimene alangizi akhala akulalikira kwa zaka zambiri, zimathandiza mbali zonse ziwiri. Wolima mopingasa kumtunda kwa Nambuma akuteteza mnzake wa kumunsi amene sadzamudziwa dzina.

Mitengo tibzale, makamaka m'magombe a mitsinje, pamodzi ndi nsungwi, bango ndi nsenjere. Dera lino lakhala likudyetsa fodya mitengo yake kuyambira m'ma 1920, ndipo wofuna kudziwa mmene thengo linalili ayang'ane kumanda. Koma tisailonjeze zimene singathe. Lipoti la mabungwe a FAO ndi CIFOR la mu 2005 linaonetsa kuti nkhalango zimachepetsa madzi a mvula yapakatikati m'madera ang'onoang'ono, koma mvula yoopsa ikagwa pa nthaka yokhuta kale, madzi amasefukira ndithu. Mbande zobzalidwa pa mwambo mu Disembala sizipulumutsa nyumba yomangidwa m'njira ya madzi.

Chikhulupiriro chovuta kwambiri kuchisuntha n'chakuti pulani ndi za m'tauni, kuno kumudzi malo ndi a mfumu. Pa lamulo zinasintha kale. Lamulo la mapulani a malo la 2016 linaika dziko lonse la Malawi pansi pa mapulani, midzi yomwe. Lamulo la malo a makolo la chaka chomwecho linakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi agulupu, okhala ndi anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa, osachepera atatu mwa iwo amayi. Mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi mmalo mwa la 1991, ndipo mtima wake ndi kupewa ngozi osati kungodikira kugawa mabulangete ndi ufa. Pa pepala sitikusowa kanthu.

Koma munthu wa ku Nsaru akanena kuti sanaonepo wa mapulani, akunenanso zoona. Ofesi ya khonsolo ya boma la anthu oposa 1.6 miliyoni singafike pa puloti iliyonse. Pulani yeniyeni ya Namitete, Mpingu kapena Nambuma ikulembedwa tsiku ndi tsiku pa kapepala ka mgwirizano wogulitsana malo, pamaso pa a nyakwawa ndi mboni ziwiri. Pamenepo m'pamene pamadziwika ngati msewu udzakhala wodutsa ambulansi kapena wilibala yokha, ngati madzi adzapeza njira kapena adzalowa m'nyumba ya wina. Kusiya mamita angapo lero n'kotchipa. Kudzagumula nyumba mawa ndi milandu, chipukutamisozi ndi udani wa mibadwo, ndipo mzinda wa Lilongwe ukudziwa kuwawa kwake.

Kwa ine, ntchito yoyamba siifuna ndalama za mabungwe. A mfumu, komiti ya chitukuko cha m'mudzi ndi komiti yoona za ngozi angoyenda m'mudzi mwawo mu Febuluwale, m'mawa mvula yaikulu itagwa usiku. Atenge amayi otunga madzi, anyamata oweta ng'ombe ndi a kabaza, pakuti amenewa ndiwo amadziwa pamene pamadikha ndi pamene pamathamanga. Aone pamene zinyalala zakodwa m'tchire, akhome zikhomo, abzale vetiva kapena khonje m'malire, alembe m'buku la mudzi, apereke kope ku komiti ya chitukuko cha dera (ADC). Wogula puloti nayenso, ngati mtima ungapirire, aone malowo m'dzinja asanapereke ndalama yomaliza. Ndipo pamene mudzi wapemphedwa malo a chitukuko, aganizire kawiri. Malo operekedwa ulere kawirikawiri ndi amene palibe akuwafuna, m'mphepete mwa dambo, ndiye m'pamene timamanga sukulu, kiliniki ya ana ndi nyumba za aphunzitsi, nyumba zomwezo zimene timathawirako madzi akavuta.

Chotsalira n'chovuta, ndipo sitikuchikamba mokwanira. Njira ya madzi imadutsa m'malo a banja linalake. Pa Mpingu, puloti imodzi ikhoza kulipirira mwana sukulu kapena kugula feteleza wa chaka chonse. Tikauza mayi wamasiye kuti chigawo chake cha kumunsi asagulitse chifukwa n'chodutsa madzi a mudzi wonse, iye ndiye walipira pulani ya tonse, pamene a kumtunda, amene madenga awo akutula madziwo, agulitsa zawo pa mtengo wabwino. A mfumu nawonso amapezapo kangachepe pa malo aliwonse ogulitsidwa, ndiye tikuwapempha kuti adzimane. Pali njira zoti mudzi ungakambirane: kumusinthanitsira banjalo malo ena apamtunda, kulisiyira ufulu wolima dimba ndi kumweta udzu pamalopo koma osamangapo, kapena kusonkha kuchokera pa puloti iliyonse yogulitsidwa kumtunda. Iliyonse ili ndi mkangano wake, ndipo ikufuna bwalo, mafumu atakhala pansi ndi eni malo, mapuloti a chaka chino asanayambe kugulitsidwa mu Juni.